Kodi Mumadya Nsomba?

Mtsikana wa kafukufuku analowa pachipata nthawi imene Bijoli ankapala nsomba. Bijoli anali atanyonyomala pafupi ndi mpopi, mamba ali mbwee m'manja ndi pa sari, nsalu yake yoyera, amphaka awiri akumuzungulira ngati abale odikira chuma cha masiye. Nsombayo inali rui yaikulu, ya mafuta, imene alamu ake, a Haradhan, anagula m'mawa. Ntchito ya Bijoli inali kuipala, kuidula, kuipaka mchere ndi chikasu, kuikazinga, kuiphika. Kuidya ayi.

Ndi mmene zinkakhalira m'nyumba imeneyo ya ku Katwa chimwalirireni mwamuna wake, mwana wawo Nitai asanayambe n'sukulu yomwe. Anamuphwanyira zibangili, anamupukuta utoto wofiira umene akazi apabanja amapaka pamphumi ndi pa mzere wa tsitsi, anamupatsa nsalu yoyera ndi kambaula kakekake kuseri kwa khitchini. Mkazi wamasiye sadya nsomba, sadya nyama, sadya anyezi, sadya adyo. Koma palibe ananenapo kuti mkazi wamasiye saphikira ena nsomba. Malamulo amenewa anawapanga anthu odziwa kumene kuli mimba zawo. Choncho tsiku ndi tsiku Bijoli ankaphikira a Haradhan, achimwene a malemu mwamuna wake amenenso anali eni nyumba, ndi akazi awo a Kanak, amene iye ankawatchula Didi. Akatha ankakasamba kuti fungo lichoke, ndiye n'kudziphikira mpunga ndi mphodza pa kambaula kaja. Anazolowera. Ng'ombe nayo imazolowera goli, sikuti imalikonda.

Chimene sanazolowere ndi cha chaka chimenechi. Mvula isanayambe, lole inagunda Nitai pa msewu wa ku Bardhaman. Anasiya mkazi wake Tumpa ndi khanda lalikazi la kubere. Maliro atangotha Didi ananena, ngati akunena za mitambo, kuti tsopano kambaula kaja kaziphikira anthu awiri. Tumpa anali mwana wa msodzi wa kutsidya kwa mtsinje, wokulira pa nsomba, wa pakamwa pakuthwa. Tsopano anali zii. Mafupa a m'khosi anatuluka, mkaka unayamba kuchepa, khanda linkalira usana wonse mpaka mawu kusasa. Tsiku lina Bijoli anabisa chidutswa cha nsomba pansi pa mpunga wa Tumpa. Tumpa anachipeza, anakankha mbale, n'kufunsa akulira ngati apongozi ake akufuna kuti Nitai azivutika kumene ali. Anamuuza zimenezo ndi Didi. Tumpa anali mwana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, moyo wonse uli patsogolo, ndipo moyo wakewo Bijoli ankaudziwa kuyambira m'mawa wake mpaka madzulo ake. Sankafuna kuti wina aubwereze.

Mtsikana wa kafukufukuyo anati dzina lake ndi Sohini. Anali ndi chikwama paphewa, ambulera, foni yaikulu m'manja, ndi matope mpaka m'akakolo. Anati watumidwa ndi kampani ya ku Kolkata yofunsa anthu maganizo awo, ndipo ulendo uno akufunsira anthu opanga zokometsera msuzi wa nsomba. Sakugulitsa kanthu. Anthu a mafunso ankadziwika m'kanjira kameneko. Chisankho chisanachitike anabwera ena kudzafunsa za zipani, ndipo a Haradhan anayankhira nyumba yonse, mpaka kuwauza alendowo zimene Bijoli amaganiza pa nkhani ya misewu. Bijoli anali pompo akutsuka mbale. Kanali koyamba kumva kuti ali ndi maganizo pa misewu.

Didi anatuluka akumangitsa makiyi kumapeto kwa sari, anaitanitsa mpando, n'kunena kuti mayi wa nyumba ndi iwo, mtsikanayo afunse. Amake Pintu a nyumba yoyandikana anali atatulutsa kale mutu pamwamba pa khoma, monga mwa masiku onse.

Sohini anawerenga funso loyamba pa foni: ndani amaphika nsomba kawirikawiri m'nyumba muno. Didi anati iwo ndi amene amayang'anira zonse.

"Kanak, usamunamize mwana wa eni," anatero amake Pintu ali pakhoma. "Nsomba yaiwisi unaigwira komaliza tsiku lomwe unalowa m'nyumba imeneyo ngati mkwatibwi, ndipo ngakhale tsiku limenelo unakuwa."

Sohini anayang'ana manja a Didi. Anayang'ana manja a Bijoli. Kenako anaona sari yoyera ija, nkhope yake n'kugwa. Sanali mwana wopusa, nayenso anali ndi agogo ake ovala zoyera. Anasendera pafupi ndi mpopi n'kunena motsitsa mawu kuti yankho akulidziwa, koma lamulo la ntchito yake silimulola kuyankhira munthu, ngakhale yankho litaima patsogolo pake litavala nsalu. Foni imajambula mawu, ku ofesi amamvetsera, akadumpha funso ntchito ya tsiku lonse amaitaya.

"Mashima," anatero, akutchula Bijoli mmene amatchulira amayi aakulu mwaulemu, "mundikhululukire. Ndingowerenga mmene analembera. Kodi inuyo mumadya nsomba?"

"Maso ulibe, mwana iwe?" anatero Didi. "Kwanuko amasiye mumawafunsa zimenezo?"

Sohini anapepesanso. Anati Mashima angonena kuti ayi, iye athokoze, apite nyumba ina.

Bijoli anakweza maso. Pakhomo la chipinda chakuseri panaima Tumpa, khanda lili paphewa, akuyang'ana pansi. Bijoli anali atauzidwa kambirimbiri kuti sadya nsomba. Wansembe anamuuza, apongozi ake anamuuza, Didi anamuuza, ngakhale ana a m'kanjira ankadziwa. Koma kumufunsa, m'zaka zonsezo, palibe ndi mmodzi yemwe. Ndipo funso ndi nyumba ya makomo awiri.

"Inde," anatero.

Maso onse anali pa Bijoli. Mphaka mmodzi anapezerapo mwayi n'kuthawa ndi matumbo a nsomba, palibe anamuthamangitsa.

Sohini anafunsa ngati wamva bwino.

"Ndati inde. Kapena funso lakolo linabwera ndi yankho lake m'chikwama?"

Didi anadzuka pampando n'kunena kuti mkaziyu wapenga ndi maliro, mtsikanayo asalembe zimenezo. Sohini anati iye salemba zimene akuganiza kapena zimene nyumba ikuganiza, amalemba zimene wofunsidwa wanena. Anatulutsa timapaketi tiwiri topanda dzina, kena ka kadontho kobiriwira, kena ka kadontho kakuda. Anati abweranso sabata yamawa tsiku ngati lomweli. Mashima adzaphike nsomba ya mtundu umodzi m'miphika iwiri, wina ndi kobiriwira, wina ndi kakuda, adzalawe okha iye ali pomwepo, n'kunena umene uli bwino. Bijoli anapukuta manja, analandira timapaketito n'kutimangirira kumapeto kwa sari, pamene anzake amamangirira makiyi.

Madzulo ake a Haradhan atabwera kuchokera kusitolo yawo ya nsalu, Didi anawachingamira pachipata penipeni, nsapato asanavule. Mwamuna salankhula maso ndi maso ndi mkazi wa mng'ono wake, choncho a Haradhan anakhala pakhonde n'kulankhula ndi nsanamira, monga ankachitira zaka zonse. Bijoli anakokera nsalu kumaso, monga ankachitira zaka zonse, n'kukhala chotembenukira kumbali akusankha mpunga.

"Wina awauze anthu ena," anatero a Haradhan kwa nsanamira, "kuti nthabwala ili ndi malire. Mtsikanayo akabwera, alawa ndi mayi wa nyumba. Anthu enawo anena zimene auzidwa, nkhani n'kutha."

"Pusi iwe," anatero Bijoli kwa mphaka, "kafunse kuti anafunsidwa ndani."

A Haradhan anauza nsanamira kuti chipinda chakuseri chinaperekedwa chifukwa cha chifundo, ndipo chifundo si njerwa, chimatha kugwa. Bijoli anauza mphaka kuti chifundocho akuchidziwa, chanenepa ndithu ndi msuzi wa manja ake, mpaka dhoti, nsalu ya m'chiuno ya abambo, sikuchikwananso. A Haradhan anatsokomola n'kulowa m'nyumba. Koma mawu awo anamulowa Bijoli m'mafupa. Akamuthamangitsa apita kuti, ndi mpongozi wowonda ndi khanda? Kwawo kunalibenso wina, makolo anatha, alongo ake anagulitsa malo. Mpunga ankasankhawo anausankha kawiri osadziwa.

Nkhani inayenda kanjira konse tsiku lisanathe. Padziwe pochapira akazi anasendera pang'ono Bijoli atafika, ngati wabwera ndi mphere. Agogo a Nanibala, amene anafedwa ali ndi mano onse ndipo tsopano analibe ndi limodzi lomwe, analavula m'madzi n'kunena kuti nsomba imatenthetsa magazi a mkazi, ndipo wamasiye wa magazi otentha ndi manyazi a mudzi wonse. Bijoli anawayankha kuti magazi ake anatentha kalekale, ndipo chinawatenthetsa si nsomba. Amake Pintu anamunong'oneza kuti ku Kolkata amasiye akudya ngakhale nkhuku ndipo thambo silinagwe, koma ananena zimenezo atayang'ana kaye uku ndi uku. Iwo amuna awo anali moyo. Kulimba mtima n'kotchipa mphumi ili psuu.

Choipa kuposa onsewo anali Tumpa mwini. Anamugwira mapazi Bijoli, anamupempha kuti abweze timapaketito, anati anthu akuti ndi iye wabweretsa tsoka m'nyumba ndipo tsopano anena kuti wawononganso apongozi ake. Bijoli anamuuza kuti adzuke, mapazi akewo ali ndi ntchito. Sanamuuze kuti nayenso akuopa. Munthu ukauzidwa chinthu zaka zambiri chimamera mizu, ngakhale ukuchida. Ankati akaganiza zoika nsomba pakamwa, nkhope ya mwamuna wake inkamubwerera. Sanali mwamuna woipa. Anali mwamuna chabe, wodya n'kugona. Bijoli analankhula naye mumtima akusesa pabwalo: bambo a Nitai, ngati chidutswa cha nsomba chingakuvutitseni kumeneko, vutikani pang'ono, ine ndavutika mokwanira, ndipo mdzukulu wanu akulira ndi njala.

Tsiku lija litafika a Haradhan anachita nzeru zimene anaziona ngati zakuya. Sanagule nsomba. Anabwera kuchokera kumsika ndi mabiringano ndi dzungu, n'kuuza nsanamira kuti lero m'nyumba muno mudyedwa zamasamba, thupi lipume. Didi anaseka chapansipansi.

Bijoli analowa m'chipinda chakuseri. Anatenga timakobidi take ta zofunda zimene ankasokera anthu, anatenga kachikwama ka kumsika, anatuluka. Kumsika wa nsomba anali asanapondeko chifedwereni, chifukwa kumeneko kumapita amuna. Pansi panali chinyezi ndi mamba ndi madzi a ayezi, phokoso lili pamwamba, ndipo sari yake yoyera inaoneka pakati pa anthuwo ngati kakowa pakati pa akhwangwala. Anthu anamupatukira. Anayenda pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba, akutsegula makha a nsomba ndi chala kuti aone ngati ali ofiira. Zaka zonsezo ankaphika zimene wina wasankha.

"Mashima, kodi a Haradhan adwala?" anafunsa wogulitsa wina, mpeni uli m'manja.

"Ali bwino, akudya dzungu. Iyi ndi yanga. Undidulire ya pamimba, ndipo chala chakocho chichoke pa sikelo."

Wogulitsayo anadula.

Sohini anafika dzuwa lili pamutu, atanyowa thukuta. Asanakhale n'komwe anamukokera Bijoli pambali. Anati sabata yonse wakhala akuziganizira, sanafune kuyatsa moto m'nyumba ya eni chifukwa cha zokometsera msuzi. Anthu ambiri amasintha maganizo, pa foni pali malo ake, iye angodina kuti wofunsidwa wasiya ndipo palibe adzafunse chifukwa. Bijoli anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zamatope. Anali mwana wabwino, woyenda dzuwa lonse kugogoda pa zitseko za anthu amwano.

"Unandifunsa, ndinayankha," anatero. "Khala pansi, mwanangu. Usandilande yankho langa."

Anaphika m'khitchini yaikulu. Anatenthetsa mafuta a mpiru mpaka utsi, anakazinga zidutswazo, anazigawa m'miphika iwiri, uku kobiriwira, uku kakuda. Fungo linatuluka pawindo n'kuyenda kanjira konse kukaitana anthu. Pamene ankatulutsa mbale, pakhoma panali mitu yambiri kuposa ya amake Pintu, ndipo pachipata panaima ena onamizira kuti akungodutsa. Didi anaima pakhomo la nyumba manja ali m'chiuno. A Haradhan anali m'kati, koma windo lawo linali lotsegula, ndipo nyuzipepala imene ankawerenga sinkatembenuzidwa.

Bijoli sanapite kuseri. Anayala kamphasa pakhonde, pamene amadyera amuna, anaika mpunga ndi timbale tiwiri ta msuzi. Anasamba m'manja. Ananyema nsomba ya kobiriwira, anachotsa minga, anasakaniza ndi mpunga, anaika pakamwa.

Akanakonda kuti zikhale zokoma ngati m'maloto. Sizinatero. Thupi linakana. Fungo linakwera m'mphuno, m'khosi munatseka, m'mimba munadumpha ngati mukufuna kubweza zonse pamaso pa kanjira konse. Maso anadzaza misozi. Anagwira bondo lake ndi dzanja lamanzere mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, anatafuna, anameza. Anakhala phee kudikira. Zinakhazikika. Anamwa madzi monga Sohini anamuuzira, n'kulawa ya kakuda. Iyi inatsika mosavuta.

Didi anali atayamba kale kutchula maina a milungu ndi a makolo, n'kunena kuti nyumba yadetsedwa, iwo sadzadyanso chophikidwa ndi manja amenewo. Bijoli anawauza kuti palibe vuto, mpeni uli pamene umakhala, ayambe mawa. Pawindo nyuzipepala inatsika pang'ono.

Sohini anakonza pakhosi n'kuwerenga. Msuzi woyambawo Mashima auona bwanji: wabwino kwambiri, wabwino, wapakatikati, woipa, kapena woipa kwambiri?

Apa ndi pamene Bijoli anapeza vuto limene sanaliganizire sabata yonse. Sankadziwa. Lilime lake linali litaiwala. Misuzi iwiriyo inali chimodzimodzi pakamwa pake, moto ndi mchere basi. Analawanso uku, analawanso uku. Palibe. Akanatha kungotchula chilichonse, mtsikanayo akanalemba, koma munthu amene wadikira zaka zonsezi kuti afunsidwe sangayambe ndi kubwebweta.

Anacheuka. Tumpa anali pakona ya khonde, khanda litagona pamiyendo, nsalu ataikokera kumaso. Koma mphuno yake inali kugwira ntchito, Bijoli anaiona.

"Bouma, mpongozi wanga, tabwera undithandize. Lilime langa lagona."

Tumpa anapukusa mutu.

Didi anati amusiye mwanayo, iye yekha ndiye watsala ndi manyazi m'nyumba muno, akudziwa zimene mkazi amachitira mwamuna wake.

Bijoli anaika dzanja lake lamsuzi m'mwamba kuti lisadonthere pa mphasa. Sanakweze mawu.

"Bouma, ndiyang'ane. Ndadya. Ndafa? Nitai usanamudziwe iwe ndinamudziwa ine, ndinamubala, ndinamuyamwitsa. Ngati alipo woti amuvutitse kumeneko, ndayamba ndine, akandifunse ine. Koma mwana amene uja sankatha kudya mnzake akuyang'ana. Ukuganiza kuti akukhuta ndi njala ya mwana wake?"

Tumpa analira, misozi ikudonthera pa khanda, koma sanasunthe. Mawu abwino sasuntha munthu wamantha. Bijoli anaona zimenezo, anapuma, n'kutembenukira kwa Sohini ngati nkhani yatha. Ananena mokweza kuti chabwino, aweruza yekha. Wakudawo ndiye wabwino kwambiri, sanalawepo msuzi wotere, kampaniyo ipange wambiri, ngakhale kwa asodzi kutsidya sadziwa kuphika chonchi.

"Amayi, ayi," anatero Tumpa pansi pa nsalu.

"Ayi chiyani?"

"Wakudawo mpiru wake ndi wakale. Ukuwawa. Ndikuumva ndili kuno."

"Ukuumva uli kumeneko. Mwana wa msodzi woweruza msuzi ndi mphuno ngati mphaka. Bambo ako atamva angakukane. Lemba, mwanangu, wakuda, wabwino kwambiri."

Sohini anakweza chala pa foni, koma sanadine. Anali wanzeru mwana uja.

 Tumpa anaika khanda pa nsalu, anasendera ndi mawondo mpaka pa mphasa, osayang'ana Didi, osayang'ana kukhoma. Anaviika nsonga ya chala mu msuzi wakuda n'kunyambita. Anakwinya nkhope. Anati wanena kale, ukuwawa, ndipo athiramo chinachake chotsekemera kuti abise kuwawako, ngati kuti anthu ndi ana. Bijoli anati mwina, koma msuzi pa chala si msuzi, uyenera kumveka mu nsomba. Tumpa ananyema kachidutswa. Anatafuna, maso atatseka, misozi ikutsikabe. Anati nsomba yokha ndi yabwino, anasankha bwino amene anagula, koma zokometserazo zaiwononga. Anamwa madzi osauzidwa n'kukokera mbale ya kobiriwira. Iyi anati ilibe vuto lalikulu, chikasu chachuluka pang'ono, tsabola ndi wamantha, koma munthu angadye. Ananyema chidutswa china kuti atsimikize. Ndiye china.

Pakhoma wina anaseka, wina anati ha, wina anatsika n'kuthamanga kukauza ena. Didi analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Patapita kanthawi mawu a Haradhan anamveka pawindo, akufunsa nsanamira, mwaulemu ndithu, ngati dzungu lija lilipo amene aliphike lero. Nsanamira sinayankhe. Mphaka nayenso anali wotanganidwa.

Sohini anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kunena kuti pali kavuto kamodzi. Lamulo likuti woyankha akhale yemwe anafunsidwa poyamba, sangalembe mawu a munthu wina. Choncho afunsanso kuyambira pachiyambi, ndipo Mashima ayankhe okha ndi pakamwa pawo.

"Funsa," anatero Bijoli. Anakhala mowongoka, nsalu itagwa kumutu, osaibwezera.

Anayankha funso lililonse, ndipo anali ambiri. Mtundu wa msuzi, fungo, mchere, kulimba kwake, ngati ukumatirira ku mpunga. Pena ankayang'ana Tumpa, Tumpa n'kugwedeza mutu kapena kupukusa pakamwa pali podzaza. Pena ankalawanso yekha, ndipo pang'onopang'ono lilime linayamba kudzuka, mpaka pa funso la mchere anatsutsana ndi mpongozi wake n'kuuza Sohini kuti alembe zake, wofunsidwa ndi iye. Pa funso la kapaketi anati n'kovuta kung'amba ndi manja onyowa, amene anakapanga sanalowepo m'khitchini. Sohini analemba zonse, mawu ndi mawu, n'kumuwerengera kuti amve ngati zili mmene ananenera. Bijoli anamvetsera mawu ake akutuluka pakamwa pa munthu wina, opita ku Kolkata, n'kuona kuti ali bwino. Anakonzetsa amodzi okha.

"Lomaliza, Mashima. Kodi mungawauze anzanu kuti agule?"

"Wobiriwirawo ndiwauza, akawonjezera tsabola. Wakudawo ukawapatse abwana ako adye okha."

Sohini anaseka mpaka foni inatsala pang'ono kugwera mu msuzi. Anathokoza, anawerama kukhudza mapazi a Bijoli, anatenga ambulera yake. Nyumba zina zinkamudikira.

Tumpa sanadzutse mutu kumutsanzika. Anali atakokera mphika wonse wa kobiriwira pafupi, akuchotsa minga ndi zala zachangu za kwawo kutsidya, kuiunjika m'mphepete mwa mbale. Khanda linadzuka n'kuyamba kulira. Bijoli analinyamula ndi dzanja lamanzere, analiika paphewa, n'kuliuza kuti lidikire pang'ono, amayi ake akudya.